Kodi kuwaletsa nsima ndi shuga amayi odwala khansa kungaphe chotupa ndi njala?

Funsoli lachokera kwa mayi wina wa ku Chadiza. Akuti: "Amayi anga a zaka 54 anawapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero ku Chipata, ndipo tikudikira tsiku lopita ku Lusaka. Anthu akutiuza kuti khansa imadya shuga, choncho tawaletsa tiyi wa shuga, nsima, kandolo, nthochi ndi mango. Akudya masamba owiritsa ndi madzi a mandimu. Pa miyezi iwiri atsika kuchoka pa makilogalamu 58 kufika pa 52. Kodi chotupa chikasowa shuga chimafa? Tipitirize?"

Achemwali, musapitirize. Abwezereni amayi nsima lero lomwe. Zoti khansa imakonda shuga ndi zoona ndithu, koma sikuti mukachotsa shuga m'mbale ndiye kuti mwamuchotsanso m'chotupa. Makilogalamu 6 amene apitawo sanachoke pa chotupa ayi. Achoka m'ntchafu, m'mikono ndi kumsana kwa amayi.

Tiyambe ndi mbali yoonayo. M'zaka za m'ma 1920, katswiri wa ku Germany, Otto Warburg, anaona kuti tizidutswa ta zotupa timamwa glucose wambiri kuposa minofu yabwinobwino, ndipo timamusandutsa asidi wotchedwa lactate ngakhale mpweya wa okosijeni ulipo wokwanira. Glucose ndi shuga amene amayenda m'magazi. Nsima, mpunga, kandolo, chinangwa, buledi, zonsezi zikagayika m'matumbo zimasanduka glucose yemweyo. Selo (kanthu kakang'ono kwambiri ka moyo kamene thupi lonse linamangidwa nako) labwinobwino limawotcha glucose mpaka kutheratu m'tizigawo take totchedwa mitochondria, n'kupeza timphamvu ta ATP pafupifupi 30 pa glucose mmodzi. Selo la khansa nthawi zambiri limadutsa njira yachidule, yongopereka ATP 2. Ndi moto wa mapesi, pamene winawo ndi wa makala: umayaka msanga, umatha msanga, ndipo umafuna kusonkhezera kosalekeza. Komabe selo la khansa silichita zimenezi mopusa. Njira yachiduleyo ndi yachangu, ndiponso imasiya tizidutswa tomangira DNA, mafuta ndi mapuloteni a selo latsopano. Selo limene likugawikana limafuna njerwa, osati moto wokha. Dyera limeneli ndi limene madokotala amapezerapo mwayi pa makina ounika m'thupi otchedwa PET: amabaya wodwala shuga wa chizindikiro wotchedwa FDG, ndipo pomwe pali chotupa pamawala chifukwa chamumeza wambiri.

Tsono pakati pa mbale ndi chotupa pali chiwindi. Magazi onse a munthu wamkulu, malita pafupifupi 5, amakhala ndi glucose wokwana magalamu 4 kapena 5 basi, sipuni imodzi ya tiyi. Munthu asanadye m'mawa mlingo wake umakhala pakati pa 4 ndi 5.5 mmol/L, ndipo thupi sililola kuti utsike kwambiri chifukwa ubongo wokha umafuna glucose wokwana magalamu pafupifupi 120 tsiku lililonse. Nsima ikasowa, chiwindi chimatsegula nkhokwe yake ya glycogen, magalamu pafupifupi 100, imene imatha pa tsiku limodzi. Ikatha, chiwindi chimayamba kupanga glucose watsopano. Chimamupanga kuchokera ku mapuloteni a m'minofu, ku lactate, ndi ku kagawo kena ka mafuta. Mukawayeza shuga amayi lero ku kiliniki, ngati alibe matenda a shuga, mudzapeza kuti ali cha pa 4 kapena 5 pomwepo, ngati munthu amene wakhala akudya nsima kawiri pa tsiku. Chotupa chikulandirabe gawo lake. Kusiyana kwake n'kwakuti kale shugayo ankachokera ku chimanga, pano akuchokera ku mnofu wa wodwala.

Njala ya glucose imachitikadi m'kati mwa chotupa, koma woyambitsa si wophika. Ndi mitsempha ya magazi. Taganizani za dimba lothirira ndi ngalande: mbewu za m'mphepete mwa ngalande zimakhuta madzi, za kutali zimafota, ngakhale mtsinje uli wodzaza. Okosijeni amafika bwino pa mtunda wa mamaikiromita 100 mpaka 200 okha kuchoka pa kamtsempha, kutanthauza gawo limodzi kapena awiri mwa magawo khumi a milimita. Mu 1955 ofufuza awiri, Thomlinson ndi Gray, anaona pa zotupa za m'mapapo kuti maselo a pafupi ndi magazi amakhala amoyo, ndipo kupitirira pamenepo pamayamba malo akufa. Mu 1971 dokotala wa ku America, Judah Folkman, anafotokoza kuti chotupa sichingakule kupitirira milimita imodzi kapena ziwiri chisanadziitanire mitsempha yatsopano. Mitsempha imeneyi imamera mwachisawawa, yokhotakhota, yodontha, ina yotsekeka lero n'kutseguka mawa. Choncho m'chotupa chimodzi muli madera okhuta, madera a njala, ndi madera a manda. Pa khansa ya khomo la chiberekero, chikazi cha fungo chimene amayi ambiri amadandaula nacho chimachokera ku minofu yakufayo ikagwidwa ndi tizilombo. Kufa kwa pakati kumeneku si chizindikiro cha kuchira. Zotupa zokula msanga ndi zimene zimawola pakati, m'mphepete zikupitabe patsogolo.

Nanga maselo a m'dera la njala, amene sanafe, amatani? Aliyense amene anaona chilala cha 2024 akudziwa zimene banja limachita nkhokwe ikapepuka. Selo la khansa limachita zofanana nazo, ndipo limazichita mwadongosolo.

Limayamba ndi kuchepetsa zowononga. M'selo muli puloteni yotchedwa AMPK imene imakhala ngati mlonda wa nkhokwe. ATP akatsika, imadzuka n'kuzimitsa mTOR, kapitawo wa ntchito yomanga. Kupanga mapuloteni ndi mafuta atsopano kumaima, kugawikana kumachedwa. Nthawi yomweyo selo limachulukitsa timakomo tolowetsera glucose pa khungu lake, makamaka ta mtundu wa GLUT1, kuti kadontho kalikonse kodutsa kagwidwe. Pomwe glucose wachepa, kawirikawiri okosijeni amachepanso, ndipo apo pamadzuka puloteni ina, HIF-1, imene imawonjezera GLUT1 ndi kutulutsa VEGF, uthenga woitana mitsempha yatsopano. Ntchito yofufuza momwe maselo amamvera kuchepa kwa okosijeni ndi imene inapezetsa William Kaelin, Peter Ratcliffe ndi Gregg Semenza mphoto ya Nobel mu 2019.

Kenako limasintha chakudya, ndipo apa ndi pamene ganizo lopha khansa ndi njala limagwera. Warburg ankaganiza kuti mitochondria a m'maselo a khansa ndi owonongeka. Zinadzadziwika kuti m'khansa zambiri amagwira bwinobwino, ndipo amatha kuwotcha zinthu zina. Choyamba ndi glutamine, amino acid (njerwa yomangira mapuloteni) wochuluka kuposa onse m'magazi, amene minofu yathu yomwe imapanga. Simungamuchotse ndi kadyedwe. Chachiwiri ndi lactate yemwe uja: maselo osowa mpweya amamutaya ngati zinyalala, maselo a pafupi ndi mtsempha amamutola n'kumuwotcha, motero amasiyira anzawo a kutali glucose wochepa amene alipo. Mu 2017 ofufuza a ku Dallas, ku America, anaonetsa pa odwala enieni a khansa ya m'mapapo kuti zotupa zawo zinkagwiritsa ntchito lactate ngati nkhuni. Chachitatu ndi mafuta. Khansa ya thumba la mazira imakonda kufalikira pa chinsalu cha mafuta cha m'mimba chotchedwa omentum, pomwe imakama mafuta m'maselo oyandikana nayo. Khansa ya kapamba (pancreas) ndiye imaposa zonse. Zoposa 90 mwa 100 za mtundu wake wofala zimakhala ndi jini (malangizo a m'selo) ya KRAS yosokonekera, ndipo maselo ake amameza madzi owazungulira pamodzi ndi albumin, puloteni ya m'magazi, n'kuigaya kuti apeze ma amino acid. Zimenezi zinaonetsedwa mu 2013.

Zakunja zikavuta, selo limadya za m'nyumba mwake. Limakulunga tizigawo take takale m'timatumba, n'kutigaya, n'kugwiritsanso ntchito zotulukamo, monga banja limene layamba kugulitsa mbuzi ndi njinga. Dzina lake ndi autophagy, ndipo Yoshinori Ohsumi wa ku Japan analandira Nobel mu 2016 chifukwa chofotokoza momwe imayendera. Maselo ena amangogona, osagawikana, akudikira mvula. Palinso puloteni yowateteza pa nthawi yotereyi, GRP78, imene dzina lake lenilenilo linachokera pa kuona kuti imachuluka maselo akamanidwa glucose. Kugona kumeneku ndi vuto lalikulu kwa dokotala, pakuti mankhwala ambiri a chemo amagwira selo limene likugawikana. Logona amalilambalala.

Chodetsa nkhawa kwambiri ndi kusankha kumene njala imachita. Maselo a m'chotupa safanana. Njala imapha ofooka n'kusiya olimba, ndipo olimbawo ndi amene amabereka m'badwo wotsatira. Mu 2009 ofufuza a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America anaika maselo a khansa ya m'matumbo m'mbale ya m'labotale ya glucose wochepa kwambiri. Ambiri anafa. Opulumukawo anali ndi GLUT1 wochuluka, ndipo ena mwa iwo anapezeka ndi jini ya KRAS yosokonekera imene makolo awo analibe. Alimi a kuno amaidziwa nkhaniyi pa kaufiti: munda ukaguga chimanga n'chimene chimavutika, iye amachita maluwa. Ndipo asidi amene chotupa chimataya amatsitsa pH (mlingo umene umatsika asidi akachuluka) yochizungulira kufika pa 6.5 mpaka 6.9, pamene ya magazi ndi 7.4. Asidiyu amathandiza kufewetsa minofu yoyandikana, maselo a khansa n'kupeza polowera. Ndinene pano kuti madzi a mandimu kapena soda wophikira therere sangasinthe pH imeneyi. Impso ndi mapapo zimasunga magazi pakati pa 7.35 ndi 7.45 kaya munthu wamwa chiyani.

M'chotupa simukhala maselo a khansa okha. Mumalowanso asilikali a thupi, makamaka maselo a T, ndipo nawo akamamenya nkhondo amadya glucose mwa njira yachidule yomwe ija. Kafukufuku wa pa mbewa wa 2015 anaonetsa kuti chotupa chadyera chimawalanda glucose asilikaliwa mpaka amalephera kutulutsa zida zawo. Wina wa 2021 anapeza kuti pa maselo onse a m'chotupa, omwa glucose wambiri anali asilikali a gulu la macrophage, pamene maselo a khansa ankatsogola pa glutamine. Lactate wochuluka amafooketsanso maselo a T. Choncho glucose akachepa pamalopo, selo la khansa lili ndi kothawira kwinakwina, msilikali ali ndi kochepa.

Lactate wotsalayo amapita ku chiwindi, chimene chimamusandutsanso glucose, n'kumubwezera m'magazi, chotupa n'kumumwanso. Kuzungulira kumeneku kumatchedwa Cori cycle, potengera asayansi amene anakufotokoza, Carl ndi Gerty Cori. Masamu ake ndi owawa: chotupa chimapeza ATP 2, chiwindi chimawononga ATP 6 kuti chikonzenso glucose mmodziyo. Wolipira ndi wodwala. Kuwonjezera apo, khansa imachititsa kuti m'thupi muziyenda zinthu zopha chilakolako cha chakudya ndi zosungunula minofu. Kuwonda kwa mtundu umenewu kumatchedwa cachexia, ndipo madokotala amayamba kukuganizira munthu akataya makilogalamu oposa 5 pa 100 aliwonse m'miyezi 6. Amayi anu ataya 10 pa 100 m'miyezi iwiri. Mbali ina ndi matendawo, mbali ina ndi mbale imene yachepetsedwa, ndipo yachiwiriyi ndi imene ili m'manja mwanu.

Kulemera kumeneku kuli ndi ntchito pa chithandizo chimene akukachidikira ku Cancer Diseases Hospital, chipatala cha khansa cha ku Lusaka. Khansa ya khomo la chiberekero imene yapitirira pa opaleshoni amaichiza poiwotcha ndi radiotherapy kwa masabata pafupifupi 5, pamodzi ndi mankhwala a cisplatin kamodzi pa sabata, kenako kuwotcha kwa m'kati kotchedwa brachytherapy. Zonse zimayenera kutha m'masabata 8, chifukwa masiku akamawonjezeka mwayi wogonjetsa chotupa umachepa. Wodwala wofooka, wa magazi ochepa kapena wouma m'thupi amadumphitsidwa cisplatin, popeza mankhwalawa amalemetsa impso ndipo amatsitsa magazi. Radiotherapy nayo imadalira okosijeni: selo losowa mpweya limafuna mphamvu yowotcha yochuluka kawiri ndi theka kapena katatu kuti life. N'chifukwa chake madokotala amayang'anitsitsa haemoglobin, puloteni yonyamula okosijeni m'magazi, ndipo ikatsika pansi pa 10 g/dL ambiri amawonjezera magazi. Mayi amene akutaya magazi kumusi, amene akungodya masamba owiritsa, akuyenda chobwerera m'mbuyo.

Asayansi sanasiye kuyesa kumana khansa chakudya, koma amachita ndi mankhwala olunjika pa selo, osati pochotsa nsima. Ndipo zotsatira zake zimaphunzitsa kudzichepetsa. Mankhwala a 2-deoxyglucose, shuga wabodza wotseka njira yachidule ija, ayesedwa kwa zaka zambiri koma sanakhale chithandizo chokhazikika cha khansa. Metformin, mankhwala a shuga amene amadzutsa AMPK, anayesedwa pa amayi oposa 3,600 a khansa ya bere opanda matenda a shuga, ndipo zotsatira za 2022 zinaonetsa kuti sanaletse khansa kubwerera. Pomwe njala yagwira ntchito ndi pa khansa ya m'magazi ya ana yotchedwa ALL. Maselo ake satha kudzipangira asparagine wokwanira, pamene maselo abwino amatha, choncho mankhwala a asparaginase amachotsa asparagine m'magazi, khansa yokha n'kuvutika. Pa glucose mpata wotere palibe, chifukwa ubongo ndi maselo ofiira a magazi zimamufuna nthawi zonse.

Sindikunena kuti shuga alibe mlandu. Kwa munthu wosadwala, zakumwa zotsekemera ndi shuga wambiri zimanenepetsa, ndipo kunenepa kwambiri kumakhudzana ndi mitundu 13 ya khansa malinga ndi bungwe lofufuza za khansa la IARC mu 2016. Bungwe la WHO limalangiza kuti shuga wothira asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu ya chakudya cha tsiku, masipuni a tiyi pafupifupi 12 kwa munthu wamkulu. Imeneyo ndi nkhani ya kupewa. Khansa ya amayi anu inayamba ndi kachilombo ka HPV, osati tiyi, ndipo chotetezera inuyo ndi kuyezetsa khomo la chiberekero ku kiliniki, ndi ana anu aakazi kulandira katemera wa HPV amene dziko la Zambia linayamba kupereka ponseponse mu 2019.

Pali chinthu chimodzi chofunika kufunsa ku chipatala: kodi amayi ali ndi matenda a shuga? Ngati ali nawo, shuga wokwera ayenera kutsitsidwa ndithu chifukwa amachedwetsa mabala ndi kuitana matenda ena, koma motsogozedwa ndi dokotala. Munthu womwa mapiritsi a matenda a shuga a glibenclamide kapena wobaya insulin akasiya nsima mwadzidzidzi, shuga angagwe pansi pa 3.9 mmol/L: thukuta, kunjenjemera, kusokonezeka mutu, kukomoka. Zikatero, ngati akutha kumeza, mwetsani masipuni a tiyi atatu kapena anayi a shuga m'madzi ndipo thamangirani ku chipatala. Dziwaninso kuti dexamethasone, amene amaperekedwa pamodzi ndi chemo poletsa kusanza, amakweza shuga kwa masiku angapo.

Tsopano za m'mbale. Wodwala khansa amafuna makalori 25 mpaka 30 ndi puloteni ya galamu 1 mpaka 1.5 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku. Pa makilogalamu 52, ndi makalori 1,300 mpaka 1,560 ndi puloteni ya magalamu 52 mpaka 78. Popeza atsika kale, lozani chakumtunda. Dzira limodzi lili ndi puloteni ya magalamu 6. Kapu ya mkaka ya mamililita 250 ili ndi 8. Mtedza wa magalamu 100 uli ndi puloteni ya magalamu 25 ndi makalori oposa 550. Kapenta wouma, kuposa theka la kulemera kwake ndi puloteni. Sipuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo ndi njira yapafupi yolemeretsa chakudya popanda kuchulukitsa.

Vuto limene mudzakumana nalo ndi lakuti sadzafuna kudya zambiri nthawi imodzi. Musawaunjikire mitanda itatu n'kumawakalipira. Gawani kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku. M'mawa phala la mgaiwa kapena la soya lolimba, la masipuni aakulu awiri a nsinjiro, sipuni ya mafuta ndi shuga pang'ono kuti likome. Phala lamadzimadzi limadzaza mimba popanda phindu. Cham'ma 10 koloko dzira lowiritsa ndi nthochi. Masana mtanda umodzi kapena iwiri ndi kapenta kapena nyemba, ndi chibwabwa chotendera. Kapenta akamavuta kutafuna, mukazingeni, mumusinje, muzithira ufa wake m'ndiwo. Chakumadzulo kandolo ndi chiponde, kapena kotapela, kapena mkaka wowiritsa. Usiku nsima pang'ono ndi nkhuku, nsomba kapena chiwindi pamene zapezeka. Madzi azimwa pakati pa zakudya osati pa nthawi yodya, kuti asakhute madzi. Mtedza wa nsinjiro sankhani: wonyala, wakuda kapena wa chuku tayani, chifukwa umakhala ndi poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuchotsa.

Radiotherapy ya m'chiuno ikadzayamba, ambiri amatsegula m'mimba cha m'sabata yachiwiri kapena yachitatu. Pamenepo nyemba, mgaiwa ndi masamba ambiri zichepe kwa kanthawi, m'malo mwake ufa woyera, mpunga, nthochi zakupsa, mazira ndi thanzi ORS. Mankhwala azitsamba alionse amene akumwa muwatchule kwa dokotala cisplatin asanayambe, chifukwa cha impso.

Muziwayeza kamodzi pa sabata, m'mawa, pa sikelo imodzimodzi, n'kulemba m'kabuku kamene mudzapite nako ku Lusaka. Ngati sikelo ikutsikabe patatha masabata awiri akudya motere, kapena akusanza chilichonse, akutaya magazi ambiri, mkodzo wachepa, miyendo yatupa kapena akupuma mobanika, musadikire tsiku la ku Lusaka. Bwererani ku Chipata Central Hospital kapena ku chipatala chimene chinakulemberani kalata, mupemphe kuti ayeze haemoglobin, impso ndi shuga, ndiponso kuti muonane ndi mlangizi wa zakudya ulendo wa pa Great East Road usanafike.